Makina a Mtedza Pakhomo Langa

Kwa zaka zambiri ndinkagulitsa mtedza wokazinga pakhomo la nyumba ina ya maofesi ku City Centre. Ndinkaugula wauwisi mumsika m'tauni, kuusankha palichero, kuuwaza madzi amchere, n'kuukazinga mumchenga mpaka khungu lake lizichoka ndi chala chimodzi. Muyezo wanga unali kakapu ka pulasitiki, koma palibe amene ankachoka ndi za m'kakapu zokha. Munthu ankayamba walawa, ine n'kumuyezera, kenako n'kumuponyera banyira wa zala zitatu. Malonda ndinawaphunzira choncho.

Kenako kunabwera bwana watsopano woyang'anira nyumbayo, wokhala ku Area 10. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka ameneyu kanayambira pamutu panga. Anaika pakhomo chimtsuko chagalasi choimirira pamwendo umodzi wachitsulo. Ukaponyamo kachitsulo kozungulira n'kupotokola chogwirira, mtedza umagwera m'manja.

"Mayi, za lichero pakhomo pano zatha," anatero bwanayo. "Pakuoneka ngati padepoti. Koma sindikukuthamangitsani. Muzibweretsa mtedza wothira m'makinamu, ndipo muzikhala pampando apa kugulitsa tizitsulo."

Mtima unandiwawa, koma khomo limenelo ndilo linali munda wanga. Ndinavomera.

Tsiku lachitatu kunabwera mayi wina wokonza m'maofesi, kasitomala wanga wakalekale. Anagula kachitsulo, napotokola. Mtedza unagwa woti ukhoza kuuwerenga ndi maso. Sanachoke. Anaima pomwepo dzanja lili chitambasulire, akuyang'ana makinawo, kenako n'kucheukira kwa ine. Manyazi anandigwira ngati ndamubera. Ndinamasula kathumba kanga ka mtedza m'chitenje n'kumuthirira banyira.

Pofika Lachisanu onse anali atadziwa. Ankapotokola makina, n'kusendera kumpando kwanga. Bwana uja anandipezerera.

"Mayi, mukuononga dongosolo. Makinawa ali ndi muyezo wake. Munthu alandire zimene walipira, basi."

"Bwana, mtedzawu ndakazinga ndine," ndinamuyankha. "Anthuwa ndimawadziwa ndi ana awo omwe. Ndiziwaonerera akuchoka ngati agula kwa mdani?"

"Musankhe. Mpando kapena banyira wanuyo."

Ndinasankha pomwepo. Ndinathira tizitsulo take patebulo la mlonda, ndinamanga chitenje, n'kuwoloka msewu. Tsidya linalo panali mtengo wopanda mthunzi wokwanira, fumbi la minibasi likundithira m'maso. Masabata oyamba ndinkabwerera kunyumba ndi theka la lichero. Ndinkalira, sindibisa, koma pakhomo paja sindinapondeponso.

Bwana uja anayamba kuthira m'makinamo mtedza wa m'mapaketi, wosakaniza ndi mphesa zouma ndi tina tachikasu tosadziwika dzina. Mvula itayamba, zonse zinafewa m'galasimo. Munthu sangalawe za m'galasi, amadziwa atalipira kale. Mmodzimmodzi anthu anayamba kuwoloka msewu nthawi ya nkhomaliro, amataye ndi a nsapato zazitali omwe, kulumpha matope kudzafuna kakapu kanga. Mlonda anandiuza kuti nyerere zapeza njira yokwerera mwendo wachitsulo uja. Ndinati bola izo zikudya osalipira.

Masana ena galimoto yoyera inaima pafupi ndi mtengo wanga. Amene anatsikamo anali bwana uja. Anandipatsa moni waulemu, ine n'kuyankha mwaulemu womwewo. Za makina sanatchule, inenso sindinafunse.

"Makapu awiri, mayi."

Anatambasula dzanja kuti alawe. Ndinasendeza lichero pang'ono kuti asalifikire. Ndinatunga kakapu, n'kusalaza pamwamba ndi chala mpaka mtedza unalingana ndi mlomo wa kakapuko, osapitirira ndi njere imodzi. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinakulunga m'pepala n'kumupatsa, iye n'kulipira.

Sanachoke. Anaima pepala lili chitsegulire, akuyang'ana zala zanga, monga anaimira mayi wokonza m'maofesi uja tsiku lachitatu. Nayenso anakulira kuno, dzanja lake limadziwa chimene chimatsatira kakapu. Kumbuyo kwake kunali atsikana awiri a muofesi yake, akudikira nthawi yawo, milomo ataluma.

"Mwalandira zimene mwalipira, bwana," ndinatero. "Banyira akakupatsani makina."

Ndinaitana wotsatira, n'kumuthirira banyira wa zala zisanu bwanayo akuona.