Chitenje cha Mkamwini

"Iwe ndiwe mkamwini! Ukafuna kuyankhula za madzi, uvale kaye chitenje!"

Anakuwa choncho amalume a mkazi wanga, omwenso anali tcheyamani wa komiti ya ngalande m'mudzi momwe ndinakwatira, kufupi ndi Golomoti. Ine ndinangofunsa chifukwa chake madzi ankapita kuminda ya anzawo okhaokha pomwe mpunga wa mkazi wanga ndi wa amayi amasiye ukufiira. Anthu anaseka. Mtima wanga ndi wapachala, ndinamenya benchi mpaka dzanja kutupa. Komatu amalumewo sananame: munda ndi wa mbumba, ine ndinangobwera ndi khasu.

Tsiku la msika ndinavala chitenje cha mkazi wanga, duku, ndi bulauzi yomwe inang'ambika m'khwapa ndisanatuluke n'komwe. Ndevu sindinamete. Kumsana ndinabereka mtolo wa mpunga wouma, n'kukaima pakati pa ogulitsa tomato ndi usipa ndikusisita mtolowo ngati mwana.

"Amayi, mwanayo wadwala chiyani?" anakuwa wakabaza wina.

"Ludzu, achimwene! Ngalande yathu ili ndi maso, imangolowa kwa anzawo a tcheyamani!"

Msika wonse unafa ndi phwete. Amayi anaimba nthungululu, amasiye aja akubisa nkhope m'zitenje. Kwa kanthawi ndinadzimva munthu. Koma kuseka sikuthirira mpunga.

Madzulo amalume anafika pakhomo. Ine sanandipatse moni, anayankhula ndi mkazi wanga ngati ndine chitsa: "Mwamuna wakoyu akapepese pamaso pa komiti mawa, apo ayi alongedze."

Atachoka, mkazi wanga sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Bambo a ana, mukapepese. Mupita kuti?"

Ndipitedi kuti? Kwathu ku Mtakataka minda anagawana alongo anga kalekale. Ndikalongedza, ana atsala, pakuti ndi a kuno. Ndikapepesa, ndikhala, koma mpunga ufabe ine ndikuyang'ana. Ndinatukwana nkhuku, ndinaponda ndowa, palibe chinasintha.

M'mawa ndinapita kukapepesa. Ndinamanganso chitenje chija, duku pamutu, n'kudutsa pakati pa mudzi. Komiti inali itakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada patali, mawondo onse pansi monga achitira akazi, n'kuwomba m'manja.

"Malume, munati ndikafuna kuyankhula ndivale chitenje. Ndavala. Ndabwera kudzapepesa, ndiponso mwana uja sanamwebe."