Ife Kuno Tili Bwino

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anandisandutsa mlembi wa pakhomo pathu ku Chawama. Kulemba ankadziwa, koma dzanja lawo linali litayamba kunjenjemera, ndipo ine ndinali kamtsikana konyadira zilembo zake.

Atate ankasiyanitsa mapepala ndi mayina. Kakalata kanali kopatsira kondakitala wa basi kapena mnansi wopita kumudzi. Chikalata chinali cha chidindo cha ofesi, ndipo sichinkabwera ndi zabwino; chija chinawachotsa ntchito kufakitale chinkakhala pansi pa matiresi. Telegalamu sankafuna n'kuitchula komwe, popeza m'komboni mwathu inkangoyenda ndi maliro. Koma kalata, yopindidwa bwino mu envulopu, inali yaulemu. Yathu inkapita ku Katete kwa aNaphiri, mlongo wawo wamkulu amene anawalera makolo awo atamwalira.

Masiku amenewo amayi ankalawirira kukaima pamzere wa ufa, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Lamulungu tikachoka kutchalitchi ndinkang'amba pepala pakati pa kope la kusukulu n'kukhala pafupi ndi mphasa ya atate. Iwo ankatsokomola, kupuma pang'ono, kenako n'kuyamba monga mwa masiku onse: "Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu. Ife kuno tili bwino."

Tsiku lina ndinaimitsa bolopeni.

"Ba tate, koma simuli bwino. Tibauze ba anti babwele."

"Iwe Tisa, kalata siyenda na matenda," anatero. "Ufuna bagulise mbuzi zao chifukwa cha chifuba? Lemba vamene nakamba."

Ndinalemba. Mayankho ankabwera m'zilembo za mphunzitsi wa kumudziko, popeza aNaphiri sanapite kusukulu, ndipo nawonso ankati ali bwino. Atate ankandiuza kuti ndibwereze mzere umenewo, akumwetulira.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Amayi ananditenga kupita kupositi ya m'tauni kuti ndikalembe telegalamu. Mu telegalamu mulibe malo a moni. Ndinalemba kuti, "Mlongo wanu wamwalira bwerani," ndipo aka kanali koyamba kuti dzanja langa liwauze aNaphiri zoona.

Anafika titaika kale maliro. Ine ndinkayembekezera mayi wojintcha wa pachithunzi chathu chapakhoma, koma amene analowa pakhomo anali woonda, mafupa a m'khosi ali poyera, chilundu chikuwazungulira kawiri. Atalira mpaka mawu kusasa, anamasula kathumba kawo n'kutulutsa makalata athu onse, omangidwa ndi luzi.

"Ankalemba awa ndani?"

"Ndine," ndinayankha. "Atate anakana kuti ndikuuzeni za matenda awo. Ankati mungagulitse mbuzi zanu."

Ndinkaganiza kuti andikalipira. M'malo mwake anandikokera pachifuwa pawo, pomwe pankanunkhira utsi ndi fumbi la ulendo.

"Mbuzi zake ziti, mwanawe? Zinatha chaka cha chilala, tinasinthanitsa ndi madeya. Inenso ndinkawauza aphunzitsi kuti alembe zoti tili bwino. Ndinkati mlongo wanga ali pantchito m'tauni, ndisamusokoneze mutu."

Amayi anangoweramitsa nkhope. Za chikalata cha pansi pa matiresi anawauza tsiku lotsatira.

Zimandiwawa mpaka lero. Anthu awiri okondana chonchi ankabisirana njala ndi matenda mwaulemu, aliyense poteteza mnzake, ine n'kumanyambita sitampu mosangalala. Atate anapita osamuonanso amene anawalera, pamene mzere umodzi wokha ukanawabweretsa aNaphiri, ngakhale pa lole ya makala.

Sindiwaimba mlandu, ndi mmene kalata inkalembedwera. Koma ndinaphunzira kuti "tili bwino" ndi moni chabe, nkhani yeniyeni imakhala kuseri kwake. Masiku ano mlongo wanga wa ku Kitwe akanditumizira uthenga pafoni woti ali bwino, sindimuyankha ndi chala. Ndimamuimbira, kuti ndimve mmene akupumira.