Mphindi Khumi za Amayi a Mafaelo

Amayi a Mafaelo ndakhala nawo ofesi imodzi zaka zisanu ndi zinayi, madesiki athu moyang'anana, pakati pathu kabati yachitsulo yosatsekeka bwino. Amasunga mafaelo a antchito onse, ndipo ukawafunsa kalata ya munthu amene anapuma ntchito kalekale, amaloza shelefu osadzutsa n'komwe mutu. Kuchedwa sakudziwa. Ife tikamafika thukuta lili kamukamu, iwo amakhala atapukuta kale desiki, tiyi ali theka m'kapu. Wotchi yawo ya pamkono imatsogola mphindi khumi, ya kunyumba chimodzimodzi. Anayamba zimenezi chaka chimene amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana atatu, pamene ntchito inali chinthu chokhacho chimene anatsala nacho m'manja.

Mavuto anayamba atapatsidwa laputopu yatsopano. Akangotsegula intaneti, kabokosi kankatulukira kufuna dzina ndi pasiwedi. Ankalemba, kabokosi n'kuchoka, asanapume n'komwe kabweranso. Ntchito yawo yonse inali itasamukira pa intaneti, choncho mapepala anayamba kuunjikana pa desiki pamene sipankagona pepala.

Wokonza makompyuta wathu timamutcha Zimitsani, chifukwa mankhwala ake a matenda onse ndi kuzimitsa n'kuyatsanso. Anatifotokozera kuti kabokosiko n'ka pulokisi, mlonda amene kompyuta iliyonse ya pantchito imadutsapo popita pa intaneti. Anawasinthira pasiwedi, anafufuta yakale imene laputopu inasunga, kenako anainyamula kupita nayo ku ofesi kwake. Kumeneko inkagwira ntchito ngati yake. Ankaibweza masana ili bwinobwino, koma m'mawa mwake kabokosi kaja kali pompo.

Pofika sabata yachitatu Zimitsani anali atatopa, nauza abwana kuti makina alibe vuto. Abwana anandiitana kundifunsa maganizo anga, poti ndine ndimakhala nawo. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi. Ine ndi pakamwa panga posagona ndinati mwina ndi mutu, poti mayi awo owabereka anayambanso choncho, kuiwala tinthu tating'ono, mapeto ake osazindikira ndi ana awo omwe. Nkhani imeneyi anandiuza okha tsiku lina tili awiri, sinali yoti ndipite nayo kwa abwana. Abwana anagwedeza mutu nati zikapitirira mpaka kutha kwa mwezi, ayenera kuwapumitsa.

Amayi aja anasiya kucheza. Pasiwedi anailemba pa kapepala, ndipo ankaikopera ndi chala chimodzi, milomo ikuwerenga chilembo chilichonse. Kabokosi kakabwerera ankangokayang'ana, manja ali pamiyendo. Ndinkawamvera chisoni, koma ndinkakhulupirirabe zimene ndinanena zija.

Kunena zoona, Zimitsani ndi waulesi koma si woipa mtima. Lachitatu lina anadzuka m'mamawa, chinthu chimene sitinamuonepo akuchita, nakoka mpando kukhala kumbuyo kwawo. Anati asasinthe kalikonse, achite monga amachitira masiku onse, iye angoonerera. Amayi anapukuta laputopu ndi kansalu, anaiyatsa, anayang'ana wotchi ya pamkono, kenako anadina pakona pamene pamaoneka nthawi n'kuyikankhira kutsogolo.

"Mwatani pamenepo, mayi?" anafunsa Zimitsani.

"Ndakonza nthawi. Mukaitenga inu imabwera itatsalira."

Zimitsani anagwira mutu. Anafotokoza kuti mlonda uja amayerekeza nthawi ya laputopu ndi yake, ndipo zikasiyana mphindi zopitirira zisanu amakana chiphaso, n'kumafunsa pasiwedi mobwerezabwereza. Iye Zimitsani akailumikiza laputopuyo ku ofesi kwake nthawi inkadzikonza yokha, n'chifukwa chake vutolo silinkaoneka. Anabweza mphindi khumi zija, natsegula intaneti. Kabokosi sikanabwere. Anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka, mwinanso kuposa iye.

Amayi sanaseke. Anamugwira mkono asanadzuke pampando.

"Ndiye kuti pasiwedi ija ndinkalemba yolondola?"

"Masiku onse, mayi. Simunaphonyepo ngakhale kamodzi."

Zimitsani atatuluka kukauza abwana, amayi anandiuza, osandiyang'ana, kuti kwa masabata atatu anali atasiya kukatenga mdzukulu wawo kusukulu. Anamunamiza mwana wawo wamkazi, mayi wa mdzukuluyo, kuti ntchito yachuluka, koma zoona zake ankaopa kuti tsiku lina adzaima pamsewu ndi mwana wa zaka zisanu osadziwa kolowera. Sanauze aliyense, ankangolira akalowa kubafa.

Sindinathe kupirira. Ndinawaulula kuti ndine ndinapita ndi nkhani ya mayi awo kwa abwana, ndipo ndinapepesa. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira akanatero.

"Ndinamva tsiku lomwelo, achemwali," anatero. "Ndikanakukwiyirani bwanji? Inenso ndinkaganiza zomwezo."

Anatenga foni m'chikwama naimbira mwana wawo. Anamuuza kuti asavutike kupempha kuweruka msanga, lero mwanayo akamutenga ndi agogo ake.