Njinga yosalira

Ntchito yanga yoyamba yolandira malipiro ndinaipeza kudzera mwa malume, omwe ankagula matayala pa shopu ya a Yusufu pafupi ndi msika wa Kapata. A Yusufu anali atangoyamba kugulitsa njinga zamoto zoyendera magetsi, ndipo ankafuna makaniko. Ine ndinali nditatha zaka zitatu pansi pa mtengo wa mango ndikuphunzira kukonza za petulo: kutsuka kabureta, kusintha pulagi, kuthira oyilo. Anandipatsa mwezi umodzi woti andione kaye.

Ntchitoyo inali yaukhondo moti ndinkachita nayo manyazi. Wakabaza akafika, umatsegula mpando, kumasula chingwe, kunyamula batire yotha ndi manja awiri, kuiika pa shelefu yotchajira, n'kumuikira yodzaza. Zina zinali mabuleki, tcheni ndi matayala basi. Sipanala ya 12 ndi ya 14 zinkakwanira tsiku lonse. Mumtima ndinkati izi ndi zidole.

Tsiku lovuta linafika sabata ya mwambo wa Ncwala. Akabaza anali pikitipikiti kutengera anthu ku Mtenguleni, kumene mwambowo umachitikira, ndipo mabatire ankatha ngati mandasi. Cha m'ma 10 koloko kunabwera a Tembo, bambo wachikulire amene ankaperekera mazira m'magolosale a ku Mwami. Kumbuyo anali atamangirira matileyi a mazira khumi ndi awiri. Mabuleki akutsogolo ankakhula.

"Timasule katunduyu, amdala?" ndinafunsa.

"Ayi mwanawe, ndachedwa kale. Ungosintha mapadi."

Ndinasintha msangamsanga, n'kumanga mabawuti. Kenako dzanja langa lamanja linachita zomwe linazolowera. Makaniko aliyense wa za petulo akamaliza ntchito amapotokola chogwirira cha moto, chija choonjezera liwiro, kuti amve ngati waya wake akubwerera bwino. Injini ikakhala chete, ndiye kuti yazima, palibe choopsa. Koma iyi sinali yozima. A Tembo anasiya kiyi ali wotsegula, ndipo njinga yamagetsi siilira.

Inandipulumuka m'manja, n'kukawomba khoma, n'kugwa cham'mbali. Mazira anayenderera mpaka pakhomo. Akabaza amene ankadikira mabatire anafa nalo phwete, wina n'kufuula kuti abweretse anyezi ndi tomato. A Tembo sanaseke. Anagwada n'kuyamba kutola osasweka, limodzilimodzi. Apa mantha anandigwira, chifukwa mwezi wanga woyesedwa unali usanathe.

A Yusufu anatuluka, nayang'ana foloko ya tayala lakutsogolo imene inapindika, kenako ine.

"Unathimitsa swichi ya pansi pa mpando?"

"Ayi, bwana. Inali chete."

"Za petulo zimakuchenjeza. Izi sizichenjeza munthu."

Anawabwereka a Tembo njinga ina, nawagulira mazira ena. Ine sanandichotse, koma anandilanda masipanala. Milungu isanu ndi umodzi ndinkangonyamula mabatire ndi kupukuta fumbi pa shelefu, anzanga akundiitana kuti Chimazira. Dzinalo lilipobe.

Masiku ano njingazi zachuluka mumsewu wa Great East Road, ndipo amakaniko a za petulo amabwera kwa ine kudzapempha ntchito. Ambiri ndi aluso kundiposa. Sindiwafunsa za mapepala a sukulu. Ndimaimika njinga pabwalo, kiyi ali wotsegula, tayala lakumbuyo lili m'mwamba, n'kumuuza munthu kuti aone mabuleki. Ine ndimangoyang'ana dzanja lake lamanja. Mpaka lero sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene tayalalo silinamuzungulire.