Mpando wa Mayi Ake a Duladula

Kuseri kwa sitolo yogulitsa simenti kuli shedi ya malata momwe Duladula wakhala akuwotcherera zitsulo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Dzinali anamupatsa ndi anthu obwera ndi ntchito, chifukwa chitsulo chikalowa m'shedi mwake sichituluka mmene chinalowera. Munthu akabweretsa geti kuti amulumikizire pamene pathyoka, amadzalipeza lafupika, pamwamba pali maluwa achitsulo amene sanawapemphe. Ambiri amang'ung'udza kenako n'kulitenga, pakuti ntchito yake ndi yolimba ndipo imakongoladi. Kuyamikiridwa ndiko kunamuwononga. Anafika pokhulupirira kuti diso lake limadziwa zofuna za mwini chinthu kuposa mwini wakeyo.

Ali ndi chizolowezi china. Sasunga zidutswa. Lachisanu lililonse amasesa shedi yonse n'kuunjika zodulidwa panja, ndipo ogula zitsulo zakutha amabwera ndi ngolo yawo kudzatenga. Iye amati shedi yodzaza zinyalala ndi ya mlesi.

Bambo ake anali mesenjala pa ofesi ina. Njinga yamoto yomwe ankayendera inali yawoyawo, yakuda, yolemera, ndipo anaigula Duladula asanabadwe. Panjingapo ndi pomwe mayi ake anayendera moyo wawo wonse wa m'banja. Sankakhala mwendo uku mwendo uku. Ankakhala cham'mbali, miyendo yonse kumanzere. Chifukwa cha zimenezi bambowo anamangirira kathabwa kopondapo, ndipo kumbuyo kwa mpando anaika chogwirira cha paipi yopinda. Mpandowo unachita kulowa mbali imodzi potengera kakhalidwe ka mayiwo.

Bambowo atamwalira, njingayo inakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'kachipinda kosungira makasu ndi zidebe, itafunditsidwa bulangete lakale. Mayiwo ankaipukuta fumbi ngakhale sinkapita kulikonse. Tsiku lina anaitanitsa Duladula.

"Makiyi ndi awa," anatero. "Maondo angawa sakufunanso minibasi. Amandipanikiza ngati thumba la makala. Uikonze njingayi, uzindinyamula popita kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, monga ankachitira bambo ako."

"Musadandaule, Amayi. Mwezi umodzi basi."

"Ndati uikonze kuti iziyenda. Ndikuwadziwa manja akowo."

"Ngakhale inu, Amayi?"

"Makamaka ine. Unadula miyendo ya tebulo langa uli ndi zaka khumi. Tinadyera chowerama mpaka linathyoka."

Anaseka onse awiri, iye n'kuikankha njingayo kupita nayo kushedi. Choncho palibe anganene kuti sanamve, kapena kuti anamva zina.

Ntchito ya injini sinamuvute. Anatsuka kabyuleta, anasintha pulagi ndi oyilo, anachotsa dzimbiri m'thanki, anagula tcheni ndi matayala. Pasanathe masabata awiri anaiponda kiki, ndipo ulendo wachitatu inalira. Nkhani ikanathera pomwepo. Akanangoithira petulo n'kupita nayo kwa mayi ake madzulo omwewo.

Koma m'sabata imeneyo kunabwera munthu wodzatenga mafelemu a mawindo. Ataiona njingayo anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi za njinga zakale zomwe amisiri ena anazisandutsa zachilendo: mpando umodzi wotsika, kumbuyo kofupika, thanki yonyezimira. "Iyi ndi mtundu womwewu," anatero munthuyo. "Koma ntchito imeneyi si ya wowotcherera mageti." Mawu amenewa anamulowa Duladula ngati munga. Mmawa mwake anali atalemba kale mzere wa choko pafelemu, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa woyendetsa.

Pafupi ndi shedi yake pali mnzake wosoka mipando ya galimoto. Anakulira limodzi, ndipo saopana. Anasuzumira ali ndi singano m'manja.

"Chokocho n'cha chiyani, bwanawe?"

"Ndikungoyesa."

"Iwe ukamangoyesa chinthu chimafupika. Makwerero anga unangowayesa, lero padenga ndimafikapo ndi pemphero. Nanga mayi ako azikhala pati?"

"Ndipanga mpando wochotseka. Tsiku la kuchipatala ndizimanga, tikabwerako ndizimasula."

"Wawafunsa?"

"Akadzaiona adzasangalala."

"Ine ndasoka mipando yambiri," anatero wosokayo. "Mpando umene munthu waukhalira zaka makumi atatu sungausokenso. Umenewo anaupanga ndi thupi lawo."

Duladula anavala magalasi n'kuyatsa galayinda. Sizinatenge mphindi zisanu. Kumbuyo konse kunagwa pansi pamodzi, mpando, chogwirira ndi kathabwa komwe. Limenelo linali Lachitatu. Lachisanu anasesa monga mwa masiku onse. Masiku ano akamafotokoza amati chidutswacho chinapita mwangozi ndi zinyalala zina. Si zoona. Anachinyamula yekha n'kuchiika pangolo, ndipo sanachiyeze ngakhale ndi chikhatho. Mumtima mwake ankati chimene adzapange chidzaposa chija.

Mwezi umodzi uja unasanduka miyezi isanu ndi itatu. Anatsitsa felemu, anapinda chiwongolero china, anasula thanki ndi hamala mpaka inakhala ngati dontho la madzi, ekizozi anaidula n'kuikweza. Masipoko anawapukuta limodzilimodzi. Penti anapaka kasanu, chifukwa nthawi iliyonse ankaona kachilema komwe wina aliyense sankakaona. Mpando wochotseka uja ankauganizira nthawi zina, koma akaujambula papepala unkawononga maonekedwe a njingayo, ndiye ankauika kumapeto.

Mayi ake akafunsa ankayankha kuti zipangizo za njinga zakale zikusowa. Iwo ankangoti, "Chabwino." Miyezi yonseyi amene ankawaperekeza kuchipatala anali mlongo wake, wogulitsa nsalu, yemwe ankatseka sitolo tsiku lathunthu n'kukalimbana nawo pokwera ndi potsika minibasi. Tsiku lina mlongoyo anatulukira kushedi osanena. Anaima pakhomo n'kuiyang'ana njingayo.

"Achimwene, njinga ya bambo ili kuti?"

"Si iyi ukuionayi."

"Iyi ndi ya inu. Ndikufunsa ya bambo."

"Injini ndi yomweyo. Nambala ndi yomweyo."

"Dzulo Amayi analephera kutsika sitepe, kondakitala anachita kuwanyamula ngati mwana, anthu akuyang'ana. Akuti, musawavutitse achimwene anu, zipangizo zikusowa. Ndikawauze ndine kapena mukawauza nokha?"

"Ndikawauza ndekha. Ingodikira ithe."

Itatha, anthu ankaima pamsewu kudzaiona. Inali yofiira moderako, yotsika, yowala ngati yatuluka kumene m'fakitale. Munthu wa mawindo uja anabwera n'kuvula chipewa. Zoona ziyenera kunenedwa mbali zonse: pa zinthu zonse zimene Duladula wapanga, palibe chofanana ndi njinga imeneyo. Anaikwera Loweruka masana kupita kwa mayi ake, mtima uli m'mwamba, akudziuza kuti kukongola kwakeko kudzamulankhulira.

Mayiwo anamva kulira kwake ali m'nyumba, ndipo anatuluka mofulumira kuposa mmene maondo awo ankalolera, mpango uli kale kumutu. Atafika pakhonde anaima. Anatsika pang'onopang'ono n'kuizungulira. Kumbuyo anatambasula dzanja pomwe pankakhala chogwirira, dzanjalo n'kugwira mphepo.

"Ine ndikhala pati?"

"Ndikupangirani wina, Amayi, wofewa kuposa uja."

"Uja uli kuti?"

Apa bodza linamuthera. "Ndinataya."

Sanakalipe. Akanakalipa zikanamupepukira. Anangomasula mpango uja n'kuupinda bwinobwino.

"Yakongola," anatero. "Manja uli nawo, amenewo sindingakane. Ukamachoka uikankhe mpaka pamsewu, ukailizire kumeneko. Ikamalira pakhomo pano ndimayesa ndi bambo ako."

Anaikankhadi. Lolemba anapita kwa ogula zitsulo zakutha. Iwo anamuseka, amvekere za miyezi isanu ndi itatu yapitayo zinasungunulidwa kalekale, mwina pano ndi mapoto. Anabwerera kushedi n'kuyamba kupanga kumbuyo kwina. Apa m'pamene anazindikira kuti chinthu chimene anakula akuchiona tsiku ndi tsiku sankachidziwa. Kathabwa kaja kanali kotsika bwanji? Chogwirira chinapendekera kuti? Chithunzi cha njingayo chinalipo chimodzi chokha, ndipo bambo ake anaima kutsogolo n'kuphimba zonse.

Mpando woyamba anaupanga mwa nzeru zake, wochotseka. Atauyesa ndi thumba la simenti unagwedera, chifukwa felemu anali ataitsitsa ndipo panalibe pogwira. Wachiwiri unalimba koma unali pamwamba pa ekizozi imene anaikweza ija, moti ukanawotcha miyendo ya munthu. Anayenera kumasula ntchito yake yomwe, kutsitsa ekizozi, kuwotcherera mapaipi pomwe anadula, penti yokongola ija n'kupserera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapita kukafunsa mwini chinthu. Anagwada ndi tepi pamapazi pa mayi ake, kuyeza kuchokera pachidendene kufika pabondo.

"Bambo ako sanandiyeze ndi tepi," anatero mayiwo. "Anandikweza, n'kuona pomwe mapazi afika."

Wosoka mipando anasoka khushoni osanena mawu aja kachiwiri, ndipo anayesetsa kulowetsa siponji mbali imodzi. Zonsezi zinatenga miyezi ina inayi, pakuti mageti a anthu nawonso ankadikira.

M'mwezi wachitatu mwa inayiyo mayiwo anaterereka potsika minibasi tsiku lamvula, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Anatuluka akuyenda ndi ndodo ziwiri. Palibe anamuloza chala Duladula, ngakhale mlongo wake. Iye anamalizabe mpandowo, ndipo mayiwo atachira pang'ono anapita nayo njingayo kwawo, akuikankha kuchokera pamsewu.

Mayiwo anafuna kuyesa. Ana awo awiri anawagwira uku ndi uku. Phazi limodzi linafika pakathabwa, koma pofuna kudzikweza nkhope yawo inasintha, thukuta n'kutuluka pamphumi. Anayesa kawiri. Ulendo wachitatu anapukusa mutu.

"Nditsitseni. Zakwana." Atakhala pampando wa pakhonde anapuma kaye, kenako anati, "Kathabwako wakhoza. Pamenepo m'pomwe kanali."

Chaka chimene akanatha kukwera chinali chija njingayo inali m'shedi ikupakidwa penti kasanu. Duladula amadziwa zimenezi, ndipo safuna kuti wina amuchepetsere.

Mayi ake alipo mpaka lero. Sakwiya naye, amamusungira tiyi akabwera, koma za njinga satchula. Tsiku la mankhwala mlongo wake amapeza galimoto, amawagoneka mayiwo kumpando wa kumbuyo ndi mapilo awiri. Duladula amatseka shedi, ngakhale ntchito ichuluke bwanji. M'galimotomo malo ake amakhalapo, koma iye amatsatira pambuyo panjinga ija, yomwe tsopano ili ndi zipsera zakuda pomwe anawotcherera ndipo palibenso amene amaima kuti aione. Akafika kuchipatala amathamanga kukatenga mpando wa matayala, n'kuwakankha mayi ake mpaka pamzere.