Kabatani ka "Imbani" Kanatsala Pang'ono Kupasula Banja la Eni

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu wanga: ndinatsala pang'ono kupasula banja la anthu osalakwa chifukwa cha liwu limodzi lokha. Lero ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo inenso ndimaseka nawo. Koma inu owerenga, sekani ndithu, mukatha kuseka mumve bwino.

Ine ndinakulira ku Kasungu kwa amayi anga, ndipo ku Lundazi kuno, kutsidya kwa malire, ndinabwera ndili wamkulu kale. Ndili ndi kashopu pa boma, pomwe ndimakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Chimene chinkandipweteka mtima n'chakuti aliyense wobwera ankafuna nyimbo za ku Lusaka kapena za kunja, chonsecho m'midzi ya ku Chikomeni, ku Kapichila ndi kwa Mwase muli oimba oti akatsegula pakamwa tsitsi limakuimirira. Anthu amenewa amadziwika m'mudzi mwawo basi. Choncho ndinayamba kuphunzira pang'onopang'ono kupanga mapulogalamu a pafoni, mpaka ndinapanga yangayanga yoti munthu azipezamo oimba a kwathu kuno, amve nyimbo zawo, ndipo akafuna awaitane ku ukwati kapena ku chikondwerero china.

Patsamba la woimba aliyense ndinaikapo chithunzi chake, mudzi wake ndi nyimbo zake. Polizira nyimbo ndinaika kachizindikiro kakang'ono ka makona atatu, poganiza kuti ameneka aliyense amakadziwa. Koma mtima wanga wonse unali pa kulumikiza woimba ndi womvera, ndiye ndinaika batani lalikulu lobiriwira, loti ukalidina foni ya woimbayo ilire. Pabatanipo ndinalembapo kuti "Imbani", monga timanenera ku Kasungu kuti kuimba foni.

Mkazi wanga ndi Mtumbuka wa konkuno, ndipo atangoona anapukusa mutu. Anati, "Imwe atate ake Taonga, kuno foni sitiimba, tituma. Muntu akaona 'Imbani' pansi pa nyimbo azaganiza ati ndiye polizila nyimbo." Ine ndi mutu wanga waukuluwu ndinamuyankha kuti Chichewa ndinachiphunzira m'kalasi ndi mabuku, osati pamsika wa tomato. Iye anangoti chabwino, n'kupitiriza kuchapa. Ndikakumbukira yankho limenelo manyazi amandigwirabe.

Mwa oimba onse amene ndinawajambula, woposa anali mayi wina wa ku Kapichila, a NyaMtonga, mkazi wa a Zimba, mlimi wa fodya. Mayiyu amatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, komanso amapeka nyimbo zakezake m'Chitumbuka, akudziimbira yekha chisekese. Ndinapita kwawo pa njinga tsiku lina amuna awo atapita kokagulitsa fodya, n'kujambula nyimbo zinayi pansi pa mtengo wa mango. Zitatu zinali za Mulungu, imodzi inali yachikondi, yofatsa bwino, ya mkazi wouza mwamuna kuti mtima wake sukhazikika akachedwa kubwera. Pochoka ndinawapempha nambala ya foni. Iwo anandipatsa poganiza kuti ndi yoti ndidzawauze nyimbo zikatuluka. Ine sindinawafotokozere kuti nambalayo ndikaibisa kuseri kwa batani loti aliyense m'dziko muno akhoza kulidina, ndipo kumeneku kunali kulakwa kwanga kwachiwiri.

Pulogalamu ija inafala ngati moto wa m'chilimwe. Madalaivala a minibasi ankagawirana, anyamata a njinga zamoto chimodzimodzi, mpaka ogula mtedza ochokera kutali. Nyimbo yachikondi ya a NyaMtonga inali m'kamwam'kamwa. Ndikayang'ana pakompyuta yanga ndinkaona kuti batani lawo likudinidwa kuposa la wina aliyense, ndipo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinauza mkazi wanga kuti aone mmene anthu akulimbirana mayi uja kuti akawaimbire ku maukwati, ndipo kuti tsiku lina adzandipepesa.

Zimene zinkachitika ku Kapichila zinali zina. Munthu amatsegula tsamba la mayi uja, chala n'kulumpha kachizindikiro kanga kakang'ono kaja, n'kudina pobiriwira kuti nyimbo iimbe. Foni ya a NyaMtonga imalira, iwo n'kuyankha mwaulemu. Winayo, modabwa kuti nyimbo yayamba ndi moni, amangoti, "Nanga imbani kaili!" Mayi wa ulemu wake, poganiza kuti ndi mmene zinthu zamakonozi zimayendera, amakonza kukhosi n'kuimba ndime imodzi. Anaimbira anthu ali kumunda, ali pachitsime, ali pakati posenda mtedza. Ena atazindikira kuti woimbayo ndi munthu wamoyo osati makina anayamba kuchita dala, mpaka kusankha ndime imene akufuna. Mawu a mayi uja anasasa, koma sanadandaule kwa munthu, chifukwa ankati akuthandiza ntchito ya mwana wa eni amene anavutika kupalasa njinga mpaka kwawo.

Pofuna kusasokoneza anthu pakhomo, foni ikalira ankapita kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndiye tsiku lina masana a Zimba, pobwera kumunda, anapeza mkazi wawo ali kuseri kwa chigafako, maso atatsinzina, akuimbira foni nyimbo yachikondi, ndipo mufonimo mukumveka mawu a mwamuna akuti abwerezenso paja. Inu owerenga, dziikeni m'nsapato za bambo ameneyu! Analanda foni ija n'kupeza manambala achilendo ndandanda. Anayesa kubwezera imodzi, ndipo mwini wake anati iye sadziwa mkazi aliyense, anangodina basi. Yankho limeneli linangothira palafini pamoto. A NyaMtonga anafotokoza, analumbira, analira, koma a Zimba anati sanabadwe dzulo. Mawa lake mayi uja ananyamula kachikwama n'kupita kwa mchimwene wawo ku Chikomeni, foni n'kutsala m'manja mwa mwamuna, yozimitsa.

Ine ndinamva patapita sabata ziwiri, pamene mchimwene wawoyo, a Mtonga, anatulukira pashopu panga. Anandipatsa moni bwinobwino, anakhala pampando, n'kundifunsa modekha ngati ndine amene ndinagawira dziko lonse nambala ya mlongo wawo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinayamba kutsutsa! Ndinati batani langa lilibe vuto, vuto ndi anthu osadziwa kuwerenga. A Mtonga anati banja la zaka khumi ndi ziwiri, la ana anayi, lili pafupi kutha, ndipo ankhoswe akumana Loweruka. Pamenepo ndinasiya kutsutsa, n'kulonjeza kuti ndikapezeka pa msonkhanowo.

Loweruka tinakwera minibasi ndi mkazi wanga kupita ku Chikomeni. M'njira yonse sanandinene n'kamodzi komwe kuti ndinakuuzani. Anangondilangiza kuti ndisakachuluke zolankhula, ndikangowapatsa a Zimba foni m'manja.

Tinapeza ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pabwalo, a Zimba ali potero atavala jekete, nkhope ili gwa. A NyaMtonga anali pamphasa, maso pansi. Atandipatsa mpata ndinaiwala malangizo onse n'kuyamba kufotokoza za mapulogalamu ndi intaneti, mpaka ndinaona nkhoswe wina akuyasamula. Mkazi wanga anandiponda chala. Ndinagwada, n'kupereka foni yanga kwa a Zimba tsamba la akazi awo lili lotsegula, ndipo ndinawapempha kuti ayatse foni ya mayi ija kaye, kenako atilizire nyimbo imodzi pafoni yangayo kuti tonse timve.

Anayatsa monyinyirika n'kuibwezera m'thumba la jekete. Kenako anayang'anitsitsa foni yanga, chala chawo chachikulu chinazungulira pang'ono, chinadutsa kachizindikiro kaja ngati sikaliko, n'kutera pobiriwira. Nthawi yomweyo m'thumba mwawo munayamba kulira foni. Anadzidzimuka mpaka kuimirira. Nkhoswe woyasamula uja anati, "Yankhani a Zimba, chibwenzi cha akazi anu chatuma foni!" Bwalo lonse linafa nalo phwete. A Zimba anayang'ana foni iyi, anayang'ana inayo, anadinanso kachiwiri kuti atsimikize, ndipo italiranso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa jekete. Anapepesa pamaso pa onse, ndipo ine ndinapepesa kuposa iwo.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. A NyaMtonga anadikira phokoso lithe, n'kunena mofatsa, m'Chinyanja kuti inenso ndimve: "Nabauza zoona kangati, sibanamvele. Kabatani kabauza kamozi chabe, bamvela." Komabe madzulo a tsiku lomwelo anabwerera kunyumba kwawo ku Kapichila.

Batani lija ndinalikonza mawa lake lomwe. Lalikulu tsopano ndi lolizira nyimbo, ndipo palembedwa kuti "Mverani". Wofuna woimba amatumiza uthenga, nambala saiona, ndipo woimbayo ndiye amasankha kuyankha kapena ayi. Liwu lililonse ndisanaliike ndimapita nalo kumsika, n'kupatsa foni amayi ogulitsa mtedza kuti adinedine ine pakamwa nditatseka. Mkazi wanga ndiye woweruza womaliza, ndipo mawu akuti msika wa tomato amandikumbutsa akafuna chitenje chatsopano. Zinthu zikuyenda bwino. A NyaMtonga amaitanidwa ku maukwati mpaka kwa Mwase, ndipo amene amawanyamula pa njinga yamoto, akudzitama kuti ndi manijala, ndi a Zimba omwe aja.

Koma nyimbo yachikondi ija anandiuza kuti ndiichotse. Ndinawachonderera, ndinati amama, imeneyi ndi imene anthu amaikonda koposa. Anandiyankha kuti nyimboyo anapekera amuna awo, ndipo anali asanawaimbirepo chifukwa cha manyazi. Ankafuna kuti bamboyo adzangoimva ikulira pafoni ya munthu wina pa boma, adzazindikire yekha mawu a mkazi wake, adzadziwe kuti akunenedwa ndi iye. M'malo mwake anaimva koyamba kuseri kwa chigafa. Ndinaichotsa, ndipo sindinawavutitsenso.

Tsono inu owerenga, makamaka achinyamata amene mukupanga zinthu zoti anthu azigwiritsa ntchito pafoni, safunsa anadya phula. Liwu limene kwanu limatanthauza ichi, kutsidya kwa malire likhoza kutanthauza china, ndipo amene amadziwa si iwe wopanga koma wodinayo. Nambala ya munthu si yako, usaigawe usanamuuze bwinobwino kumene ikupita. Ndipo wina wa m'nyumba mwako akakuchenjeza, usayambe wamufunsa kuti sukulu analekeza pati. Ine ndinafuna kuti dziko limve oimba a kwathu, koma chifukwa cha kuuma mutu kwanga, nyimbo yokoma kuposa zonse zimene ndinajambulapo mwini wake saiimbanso, ngakhale kwa mwamuna amene anamupekera.