Tsiku limene amayi anatseka chitseko masana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene boma linasamutsa bambo anga, omwe anali mphunzitsi, kuwachotsa kwathu ku Dedza n'kuwatumiza ku Mangochi. Masiku amenewo boma likakutumiza kwina sunkafunsa chifukwa. Unkangomanga katundu, khadi la chipani n'kuliika m'thumba lapamwamba. Tinakwera lole anthu anayi: bambo, amayi, ine Esinati, ndi mlongo wanga Yohane, yemwe anali asanayambe n'kukwawa komwe. Amayi analongedza mabulangete onse a m'nyumba, ine n'kundiveka juzi. Titangotsika mapiri, juzi ija inayamba kundiyabwa.

Anatipatsa nyumba ya boma chakufupi ndi kwa Mponda. Inali ya njerwa, yofolera malata, yopanda siling'i. Mawindo ake anali ndi waya wotchinga udzudzu komanso tizitseko tamatabwa, ndipo pamwamba pa khoma, mmunsi mwenimweni mwa denga, panali timabowo ta mpweya. Tinafika mvula ili kutali, nthawi imene mchenga wa ku Mangochi umakuwotcha mapazi mpaka kumayenda modumphadumpha.

Amayi anga, a Nangozo, anabwera ndi malamulo awiri ochokera ku Dedza, ndipo sankafuna kumva zoti asintha dera. Loyamba linali lakuti dzuwa likangolowa, mawindo onse atsekedwe, chifukwa chisanu chimalowa m'chifuwa mwa mwana. Tsiku loyamba lomwelo anakwera pa mtondo n'kutseka timabowo tonse tija ndi nsanza. Lachiwiri linali lakuti chitseko cha nyumba yawo sichitsekedwa masana. Kwathu nyumba yotseka dzuwa likuswa mtengo ndi ya munthu womana, wodya nyama yekha. Amayi ankadziwika mudzi wonse kuti pakhomo pawo sudutsa wosamwa thobwa, ndipo mbiri imeneyo ankainyadira kuposa chovala chilichonse chimene anali nacho.

Ndiye taganizani. Masana mphepo yotentha inkalowa m'nyumba mmene ikufunira, pakhomo ndi m'mawindo momwe. Mbaula nayo inkayakira m'katimo. Madzulo, kunja kukayamba kupita kamphepo kochokera kunyanja, ife n'kutseka zonse, kutsekera moto uja m'nyumba n'kugona nawo. Tinkadzuka mphasa itanyowa.

Akulufe tinkangodandaula, koma Yohane zinamukulira. Thupi lonse linatuluka tizilonda ta thukuta, m'khosi ndi m'khwapa mofiira ngati mwapsa. Ankalira mpaka mawu kusasa, tulo osabwera, bere n'kumalilavula. Masaya ake aja, omwe anthu ku Dedza ankakonda kuwatsina, anaphwa ndikuona. Kuchipatala anati si malungo, n'kutentha chabe, azimuyamwitsa pafupipafupi. Koma ungamuyamwitse bwanji mwana wokana bere?

Bambo sakanatha kupempha kuti awabwezere kwawo. Munthu wodandaula za malo amene boma lamutumiza ankaoneka ngati ali ndi maganizo ena, ndipo maganizo ena masiku amenewo ankasowetsa anthu. Tsiku lina tikudya, amayi anangoti, “Mwezi uno ukatha mwanayu asanasinthe, ine ndikubwerera naye kumudzi. Esinati atsala, azikuphikirani.” Mmawa mwake ndinapeza amayi atatulutsa sutikesi pansi pa bedi, akupindiramo zovala zawo zakutchalitchi. Ndinachita mantha osaneneka. Ndinali ndisanagonepo nyumba yopanda amayi, ndipo Dedza nthawi imeneyo kunali kutali, kopita kamodzi pachaka. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkayamba ndasuzumira pansi pa bedi kuti ndione ngati sutikesi ija yadzaza.

Nyumba yoyandikana nafe inali mapasa ndi yathu, njerwa zomwezo, malata omwewo. Munkakhala a Che Ndembo, oyendetsa lole ya boma, ndi akazi awo Abiti Jafali, mayi wamfupi, woseka mokweza, wa kwa Mponda komweko. Anali ndi khanda lalikazi, Asiyatu, la msinkhu umodzi ndi Yohane, lonenepa bwino. Nyumba imeneyo amayi inkawanyansa. Dzuwa likangokwera pang'ono, chitseko ndi mawindo gwa, mpaka kumadzulo. Kukhoma lakumadzulo kunkalendewera mphasa zakale, ndipo pakhomo pankangokhala nsapato. Komanso unali mwezi umene Asilamu amasala kudya ndi kumwa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

“Ati akusala,” ankatero amayi akuyang'ana chitseko chija. “Nanga wosala amatsekeranji chitseko? M'menemo muli mphika.”

Loweruka lina masana anandituma kukabwereka sefa. Ndikukhulupirira kuti sefa sankamufuna kwenikweni, chifukwa anandiuza kuti ndikayang'anitsitse. Ndinakaima pakhomo n'kuodira.

“Alowe, koma atseke msanga!” anayankha mawu m'katimo. Anthu a kumeneko akamakulemekeza amakulankhula ngati akunena munthu wina, ndiye ndinayamba ndacheuka kuti ndione amene akuuzidwayo.

Nditalowa ndinangoima. Munali kamdima, ndipo simenti inandizizira kumapazi. Sindikunena kuti munali ngati ku Dedza, ayi, koma munthu unkapuma mpweya n'kuumva kuti watsika. Asiyatu anali gone pamkeka, manja atatambasula, kamimba kakukwera ndi kutsika. Abiti Jafali anali pambali pake akusoka. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ine pakamwa panga sipanachedwepo chibadwire.

“Nanga mphika uli kuti?”

“Mphika wanji, mwanache?”

“Amayi akuti mumatseka kuti muzidya mobisa.”

Anaseka mpaka kugwira nthiti, kwinaku akudzitseka pakamwa kuti asadzutse mwana. Atapukuta misozi anati, “Akauze amayi awo kuti sananame. Chobisa chilimodi muno, koma si chakudya. Tabisa mphepo ya usiku.”

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati akulankhula ndi munthu wamkulu. Anati nkhuku timazitsekera madzulo n'kuzitsegulira mmawa, koma mphepo ya ku Mangochi imafuna mosemphanitsa. Madzulo umatsegula mawindo a mbali zonse kuti idutse, iziziritse makoma ndi simenti usiku wonse, waya n'kumatchinga udzudzu. Mmawa, dzuwa lisanakwiye, umaitsekera m'nyumba. Anandilozera timabowo ta pamwamba, tawo tili pululu, kuwala kukuonekera. Anati mpweya wotentha umakwera, ndipo ukapeza potulukira umapita wokha. Mphasa za kukhoma zija zinali zoti dzuwa lamasana liziwotcha mphasazo, njerwa zizikhala pamthunzi. Moto wophikira sunkalowa m'nyumba mwawo.

Sefa ndinamuiwala. Nditabwerera kwathu ndinapeza amayi ali kubafa, Yohane atamugoneka pamphasa akulira kalilidwe kake kosasa kaja. Sindinafunse munthu. Ndinamunyamula, thupi lake likutentha pachifuwa panga, n'kuthamanga naye kwa Abiti Jafali. Iwo anamulandira. Anamuvula kamalaya, n'kumupukuta ndi kansalu konyowa, n'kumugoneka pambali pa Asiyatu. Analira pang'ono, kenako n'kumangosisima, kenako zii.

Amayi anafika chitenje chili m'khwapa, sopo asanatsukuluze bwino m'khosi, akundiitana dzina lonse. Anakankha chitseko osaodira n'komwe, mwano uli kale pamilomo. Ataona Yohane ali m'tulo, mawu aja anathera pakhosi. Anaima, n'kuyang'ana kudenga, n'kuyang'ana mapazi awo pasimenti. Kenako anatembenuka n'kutseka okha chitseko chija pang'onopang'ono, n'kukhala pansi. Yohane atadzuka anafunafuna bere, n'kuyamwa mpaka mkaka kuyenderera m'tsaya.

“Ndinakunenerani zoipa, amake Asiyatu,” anatero amayi maso ali pa mwana.

“Ndamva kale,” anayankha Abiti Jafali akundiyang'ana ine. “Mthenga wawoyu sabisa mawu.”

Apa m'pamene ndimawagomera amayi anga mpaka lero. Anali munthu wosagonja msanga, woti bambo amene ankamulephera, koma chinthu akachiona ndi maso awo sankachita nacho manyazi. Madzulo omwewo anakweranso pa mtondo uja n'kuzula nsanza zonse m'timabowo. Mbaula anaitulutsa. Mawindo anawasiya otsegula, ngakhale mmawa mwake anavomera kuti sanagone, ankangogwiragwira chifuwa cha Yohane kudikira chifuwa chimene sichinabwere. Mphasa zathu ziwiri anazipachika kukhoma lakumadzulo. Anawonjezeranso nzeru yawoyawo imene ngakhale Abiti Jafali anadzaitengera: anapeza bango kwa anthu odula kumtsinje, n'kuuza bambo kuti aliyale pamitanda kunsi kwa malata, kuti kutentha kwa denga kusamatigwere pamutu. Aphunzitsi athunthu anakhala Lamulungu masana ali pamwamba, akulamulidwa ngati mwana wa sitandade wani.

Chinatsala n'chitseko. Lolemba mmawa mawindo anatseka mosavuta, koma pachitseko anaima nthawi yaitali dzanja lili pachogwirira.

“Anthu adzati chiyani?” amayi anafunsa Abiti Jafali, omwe ankasesa pakhomo pawo. “Adzati mkazi wa aphunzitsi ndi womana.”

“Kuno sitiona chitseko, amake Esinati, timaona nsapato. Nsapato zikakhala pakhomo ndiye kuti eni ake alimo, munthu aodire.”

Amayi anavula nsapato zawo n'kuziika pakhomo, koma mtima sunakhazikike. Kwa iwo nsapato sizikanalankhula zonse. Anatenga mtsuko wawo wa ku Dedza, n'kuudzaza madzi, n'kuuika pakhonde pamthunzi, chikho pamwamba, kampando pambali, kuti aliyense wodutsa aone kuti pakhomo pano samana. Atatero anapuma mozama n'kutseka chitseko.

Tsiku limenelo sindinapite kusukulu, ndinanamizira mutu ndipo amayi sanalimbane nane. Tinakhala m'kamdima kaja, Yohane akugona, amayi akusuzumira pa kampata ka windo. Njira ya pakhomo pathu inali yopita kudooko, ndipo anthu ankadutsa ambiri, amayi osenza madengu a usipa, abambo onyamula maukonde. Aliyense ankauyang'ana mtsuko uja n'kupitirira. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, chikho chili chivundikirire. Nkhope ya amayi inagwa.

“Ndinanena ine,” anatero motsitsa. “Ationa kale kuti ndife anthu otani.”

Zinandimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndinaopa kuti mawa chitseko chitsegulidwanso, kutentha kubwerere, sutikesi idzaze. Tonse awiri tinali titaiwaliratu kuti unali mwezi wanji. Tinaikira madzi anthu amene sakanalawa ngakhale dontho dzuwa lili kunja.

Dzuwa litalowa tinatsegula chitseko ndi mawindo, ndipo kumzikiti kunamveka mawu oitanira anthu kumapemphero. Nthawi yomweyo bambo wina wachikulire wovala mkanjo, yemwe nthawi yomasula kusala kuja inamupeza ali panjira, anakhota n'kufika pakhonde pathu. Milomo yake inali itauma mpaka kuyera. Anakhala pakampando paja, ananong'ona mawu ake, n'kutunga chikho chodzaza. Anamwa maso atatsinzina. Atatha anayang'ana amayi n'kuti, “Sikomo, amama. Mmawa ndinauona mtsukowu, ndipo tsiku lonse ndakhala ndikuuganiza.”

Amayi anangogwada n'kuwomba m'manja. Pambuyo pake panabwera anyamata awiri ochokera kudooko, kenako mayi wina ndi mwana kumsana, mpaka ndinakatunganso madzi ena. Abiti Jafali anatitumizira mbale ya futali, n'kukuwa ali kwawo kuti tidye chitseko chili chotsegula, anthu angatinene.

Masiku otsatira tizilonda ta Yohane tinayamba kuuma, ndipo anayambiranso kulira kwa mwana wanjala, kosiyana ndi kuja. Za ulendo wa ku Dedza palibe anazitchulanso. Ine ndinkasuzumirabe pansi pa bedi, mpaka Lamulungu lina ndinaona amayi atavala zovala zawo zakutchalitchi zija, mizere ya mopinda ikuonekabe. Ndinathamangira kuchipinda. Mu sutikesi munalibenso zovala zawo, ndipo m'kati mwake anali atayamba kusungiramo mabulangete.

Lero ndine wachikulire, ndipo ndagwira ntchito zaka zambiri m'maofesi a ku Lilongwe okhala ndi makina oziziritsa mpweya. Ndimapsa mtima ndikaona makinawo akulira tsiku lonse, magetsi akupita, mawindo ali yasa, dzuwa likuwomba pagalasi popanda ngakhale katani. Ndimadzuka n'kukatseka, ndipo ana a masiku ano amandiseka kuti ndimamana anthu mphepo. Nzeru ya kutseka ndi kutsegula pa nthawi yake ndinaiphunzira kwa Abiti Jafali masana amodzi, ndipo si yovuta. Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chimene amayi anachita mmawa uja dzanja lili pachogwirira. Ndinkaganiza kuti ankangolimbana ndi thabwa. Koma chitseko chotsegula chinali dzina lawo, chinthu chokhacho chimene anabwera nacho kudziko la eni choti anthu awadziwire. Anachitseka asakudziwa ngati adzapezanso dzina lina, kuti Yohane agone ndiponso kuti ine ndisatsale ndekha.